Mmene Mungalosere Maina a Oscar Asanalengezedwe mu Januwale

Maina a mafilimu ndi anthu amene alowa mu mpikisano wa Oscar, mphoto zazikulu za mafilimu za ku America, kawirikawiri amalengezedwa mu Januwale, nthawi ili 5:30 m'mawa ku Los Angeles. Kuno ku Zomba imakhala ili 3:30 masana, poti m'mwezi umenewu timasiyana nawo maola 10. Mu 2024 ndi mu 2025 analengeza pa 23 Januwale. Mwambo wake ndi waufupi, sukwana ndi ola lomwe, ndipo bungwe la Academy, limene limapereka mphotozi, limauonetsa pa YouTube, moti bandulo yaing'ono imakwanira bola netiweki isakanidwe ndi mvula yotsika m'phiri.

Kulosera wopambana mu Malichi si ntchito yovuta kwenikweni. Pofika nthawi imeneyo mphoto zina zonse zimakhala zaloza kale kumodzi, ndipo wophunzira aliyense wa ku Chirunga amene ali ndi foni angamutchule. Wodziwa amaonekera pa maina a Januwale, makamaka pa malo achinayi ndi achisanu a gawo lililonse, pamene anthu asanu ndi awiri amalimbirana mipando iwiri. Kuti muwapeze amenewo, funso loyenera kudzifunsa tsiku lililonse ndi limodzi: amene akuvota pa gawo ili ndi ndani, ndipo pa nambala 1 alemba dzina liti?

Ovota ake ndi kawerengedwe ka mavoti

Academy of Motion Picture Arts and Sciences ili ndi mamembala ovota pafupifupi 10,000, ogawidwa m'nthambi malinga ndi ntchito zawo. Posankha maina olowa mu mpikisano, nthambi iliyonse imasankha anzake: osewera amasankha osewera, otsogolera mafilimu amasankha otsogolera, olemba amasankha olemba, ojambula amasankha ojambula. Gawo la filimu yabwino koposa ndi limene mamembala onse amavota. Gawo la mafilimu a mayiko ena ndi la makatuni amavota ndi mamembala a nthambi zosiyanasiyana amene adzipereka kuonera mafilimu amene apatsidwa. Nthambi ya osewera ndiyo yaikulu, ili ndi anthu oposa 1,200. Ya otsogolera ili ndi mazana angapo chabe. Choncho musamaganize za "Hollywood" ngati munthu mmodzi. Ndi timagulu tosiyana, tili ndi zokonda zosiyana.

Gululi linasinthanso kwambiri. Mu 2015 ndi 2016 osewera onse 20 amene analowa anali azungu, anthu anadandaula, ndipo Academy inayamba kuitana mamembala atsopano ambirimbiri, ambiri mwa iwo a kunja kwa America. Pa nthawiyo ovota anali pafupifupi 6,000. Zotsatira zake zinaoneka mu 2020 pamene Parasite ya ku South Korea inakhala filimu yoyamba yosakhala ya Chingerezi kutenga mphoto yaikulu. Wina akakuuzani kuti "chiyambire 1980 zoterezi sizinachitikepo", mverani ndi khutu limodzi. Tsabola wakale sawawa. Zaka zoyenera kuphunzira mozama ndi zoyambira 2017.

Wovota samangosankha dzina limodzi. Amaika maina motsatana, kuyambira amene wamukonda koposa. Kampani ya PwC, imene imawerenga mavotiwa, imayamba yaunjika mavoti malinga ndi dzina limene lili pa nambala 1. Pa gawo la mipando isanu, chiwerengero chofunika chimapezeka pogawa mavoti onse ndi 6 n'kuwonjezera 1. Tiyerekeze kuti avota osewera 1,200: amene wapeza 201 walowa. Kenako amene ali ndi mulu waung'ono koposa amachotsedwa, mavoti ake n'kupita kwa amene analembedwa pa nambala 2, ndipo zimapitirira choncho mpaka patatsala asanu.

Taonani tanthauzo lake. Wosewera amene anthu 900 amulemba pa nambala 3 kapena 4, koma 40 okha pa nambala 1, angathe kuchotsedwa mavoti ake enawo asanawerengedwe n'komwe. Wina amene anthu 210 okha amukonda mpaka kufa, ena onse osamulemba, walowa. Ife tinazolowera za 50+1 kuchokera pa chisankho cha 2020, koma apa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi ndi lokwanira. Ndicho chifukwa chake mu 2023 Andrea Riseborough analowa ndi To Leslie, filimu imene anthu ochepa kwambiri anaionera, osewera anzake otchuka atamuchemerera m'masiku enieni ovotera, pamene Viola Davis ndi Danielle Deadwyler, amene ambiri ankawayembekezera, anatsala kunja. Wolosera amene sanamvetse kawerengedwe aka amangowerenga kuchuluka kwa mphoto zina n'kumadabwa chaka ndi chaka.

Kope

Gulani kope lolimba la sukulu ndi pensulo. Pa foni n'zotheka, koma magetsi akazima kope limakhalapobe, ndipo chaka chamawa mudzafuna kuona pamene munafufuta. Chaka choyamba musagwire magawo onse. Yambani ndi asanu ndi atatu: filimu yabwino koposa (mipando 10, chiwerengero chokhazikika kuyambira pa mwambo wa 2022), wotsogolera (5), magawo anayi a osewera (20), ndi magawo awiri a zolemba (10). Yonse pamodzi ndi mipando 45.

Gawo lililonse likhale ndi tsamba lake. Kumanzere lembani maina 12 motsika, kapena 18 pa gawo la filimu yabwino koposa. Pamwamba dulani mizere ya izi: dzina la filimu, kampani imene ikuifalitsa ku America, tsiku lotulukira, chikondwerero cha mafilimu chimene inayambira, kenako mphoto zina zimene zimatsogola Oscar: Golden Globes, Critics Choice (ya ounika mafilimu), SAG, BAFTA. Mzere wotsiriza ukhale wotakata, ndipo pamutu pake lembani kuti "Ndani angamuike pa 1?" Ngati simungathe kulembamo kanthu, monga "osewera a ku Ulaya" kapena "achikulire okonda nkhani za mbiri", dzinalo ndi lofooka ngakhale lili ndi zizindikiro m'mizere ina yonse.

Mzere wa kampani ambiri amaunyozera, koma ndi wofunika. Oscar imafuna kampeni: kuonetsa filimu kwa ovota, kuyendetsa osewera m'mizinda, kulipira malonda. Filimu yopanda kampani yodziwa ntchitoyi imafera panjira. Neon ndi imene inafalitsa ku America mafilimu amene anatenga Palme d'Or, mphoto yaikulu ya chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, kuyambira Parasite mpaka Anora. Sony Pictures Classics imadziwika polowetsa osewera a zinenero zina pa mphindi yotsiriza: Isabelle Huppert mu 2017, Penélope Cruz mu 2022, Fernanda Torres mu 2025. Netflix, Searchlight, Focus Features ndi A24 nazonso zimapezeka pafupifupi chaka chilichonse. Kampani imodzi ikakhala ndi mafilimu atatu, pofika Novembala imakhala yasankha umodzi woutsanulira ndalama. Yang'anani umene osewera ake akuoneka paliponse, enawo muwatsitse.

Tsiku lotulukira nalo litsimikizeni. Filimu imayenera kuonetsedwa m'nyumba zoonetsera mafilimu kwa masiku asanu ndi awiri otsatizana mu umodzi wa mizinda imene Academy inatchula, monga Los Angeles kapena New York, pakati pa 1 Januwale ndi 31 Disembala. Kuyambira chaka cha 2024, yofuna mphoto yaikulu imayeneranso kuonetsedwa m'mizinda ina 10. The Life of Chuck inatenga mphoto ya oonera ku Toronto mu Seputembala 2024, koma inatuluka mu Juni 2025, ndiye amene anailemba m'kope la chaka chimenecho anataya mpando pachabe.

Kuyambira Meyi mpaka Novembala

Pa zikondwerero za mafilimu, Cannes imachitika mu Meyi. Venice imayamba kumapeto kwa Ogasiti, Telluride imagwera m'sabata yomweyo, Toronto imatsatira mu Seputembala, ndipo New York imatseka mu Okutobala. Pofika nthawi imene anthu ku Jali ndi ku Mayaka akumaliza kugalauza, mafilimu ambiri amene adzapikisane amakhala aonedwa kale ndi atolankhani.

Mwa zonsezi, chizindikiro chodalirika ndi mphoto imene oonera wamba amavotera ku Toronto. Kuyambira 2012 mpaka 2023, filimu iliyonse imene inaitenga inalowa pa gawo la filimu yabwino koposa. Zaka 12 zotsatizana. Mphoto za oweruza ku Cannes ndi Venice zimafuna kusamala. Triangle of Sadness, Anatomy of a Fall ndi Anora zinachoka ku Cannes n'kulowa bwinobwino, koma Titane ya 2021 sinapeze ndi mpando umodzi womwe. Ku Venice, The Shape of Water, Roma, Joker, Nomadland ndi Poor Things zinalowa, The Room Next Door ya 2024 sinalowe. Oweruza a zikondwererozi amakhala anthu osakwana khumi m'chipinda chimodzi. Angathe kukonda chinthu chimene ovota 10,000 sangamalize kuonera.

Za mphindi zimene anthu anaimirira n'kuomba m'manja musazilembe n'komwe. Eni filimu amakhala ali momwemo, ndipo atolankhani awiri pa mwambo umodzi amatchula mphindi zosiyana.

Filimu yotuluka kumayambiriro kwa chaka musaifufute msanga. Get Out inatuluka mu Febuluwale 2017, Black Panther mu Febuluwale 2018, Everything Everywhere All at Once mu Malichi 2022, ndipo zonse zinalowa. Chofunika n'chakuti anthu akuikambabe mu Novembala. Yotuluka pa Khirisimasi ili ndi vuto lina: mabungwe ovota msanga amakhala asanaione. Phantom Thread inasowa pa maina a bungwe la otsogolera ndi la mapulodyusa, koma mu Januwale 2018 inatenga mipando isanu ndi umodzi, kuphatikizapo wa filimu ndi wa wotsogolera. Pa filimu yotere, mzere wopanda chizindikiro sutanthauza kuti yakanidwa. Lembanipo "sanaione".

Mphoto zotsogola: zina ndi zolemera, zina ndi mphepo

Kumayambiriro kwa Disembala magulu a ounika mafilimu a ku New York ndi Los Angeles amalengeza opambana awo. Anthu amenewa savota ku Oscar. Ntchito yawo kwa ife ndi yakuti amauza ovota filimu yoti ayambe kuonera pa mulu umene uli nawo. Kupitirira apo musawadalire. Ethan Hawke anasesa mphoto zawo ndi First Reformed koma mu 2019 sanalowe. Lupita Nyong'o anatenga ya New York ndi Us, mu 2020 sanalowe. Marianne Jean-Baptiste anatenga ya New York, ya Los Angeles ndi ya National Society of Film Critics, mu 2025 sanalowe. Ounika amakonda sewero lachete, la munthu wovuta kumukonda, m'filimu yaing'ono. Osewera ambiri ovota safika n'kuionera.

Golden Globes amavota ndi atolankhani pafupifupi 300, ndipo pa osewera aakulu amatchula amuna 12 ndi akazi 12, mbali iliyonse asanu ndi mmodzi a nkhani zolemera ndi asanu ndi mmodzi a zoseketsa ndi zoimba. Kupezeka pa mndandanda wautali chonchi si umboni waukulu. Kusowapo ndi kumene kumadetsa nkhawa. Mphamvu yeniyeni ya Globes ndi tsiku lake: mwambo umaonetsedwa pa TV kumayambiriro kwa Januwale, kuvota kwa Oscar kuli pafupi kuyamba. Fernanda Torres atapambana pa 5 Januwale 2025, ovota ambiri anathamangira kuonera I'm Still Here, ndipo filimuyo inalowa mpaka pa mphoto yaikulu.

Zolemera ndi mphoto za mabungwe a ogwira ntchito, chifukwa mamembala awo ena ndi omwewo a Academy. SAG ndi ya osewera, DGA ya otsogolera, PGA ya mapulodyusa, WGA ya olemba. Onjezanipo BAFTA ya ku Britain, imene mamembala ake ambiri amavotanso ku Oscar. Koma lililonse lili ndi chilema chake, ndipo luso lagona podziwa chilemacho.

Maina a SAG amasankhidwa ndi komiti ya anthu pafupifupi 2,500 otoledwa mwa maere pakati pa mamembala oposa 100,000, ambiri a ku America, ena a pa TV ndi pa wailesi. Amakonda nkhope zodziwika ndipo kawirikawiri amadumpha osewera olankhula zinenero zina. Mu 2024 akazi awo asanu anali Annette Bening, Lily Gladstone, Carey Mulligan, Margot Robbie ndi Emma Stone. Ku Oscar anayi anakhalabe, koma pa malo a Robbie panalowa Sandra Hüller wa ku Germany. Chitsanzo chimenechi chisungeni, chimabwerezeka. BAFTA nayo kuyambira 2021 inakhala zaka zingapo ikugwiritsa ntchito timakomiti ta oweruza posankha ena mwa osewera ndi otsogolera, ndiye maina ake a zaka zimenezo sankasonyeza maganizo a mamembala onse. Chaka chilichonse werengani kaye malamulo ake musanaupatse mphamvu. Mndandanda wake wautali umene umatuluka kumayambiriro kwa Januwale ndi wothandiza kwambiri: filimu imene yapezeka m'magawo ambiri pamenepo ili ndi anthu a ku Britain ndi ku Ulaya kumbuyo kwake.

Pa magawo a osewera mungagwiritse ntchito mapointi awa ngati poyambira: SAG 3, BAFTA 3, Globes 1, Critics Choice 1, ndipo 2 owonjezera ngati filimu yake ili pa khumi amene mukuwalosera pa mphoto yaikulu. Atatu apamwamba atengeni osakayika. Awiri otsalawo musawasankhe ndi masamu. Amy Adams mu 2017 ndi Lady Gaga mu 2022 anali ndi zizindikiro zonse zinayi, koma onse anatsala. Apa bwererani ku mzere wotakata uja.

Gawo ndi gawo

Filimu yabwino koposa: yambani ndi maina 10 a PGA, kenako muchotsepo. Mu 2024 onse khumi anafanana ndi a Oscar, mu 2025 anafanana asanu ndi atatu, mu 2023 asanu ndi awiri. Ochoka kawirikawiri amakhala mafilimu aakulu a ku America opanga ndalama zambiri, ndipo olowa m'malo mwake amakhala a kunja kapena aang'ono okondedwa kwambiri. Mu 2023 Black Panther: Wakanda Forever, Glass Onion ndi The Whale zinachoka, n'kulowa All Quiet on the Western Front, Triangle of Sadness ndi Women Talking. Poyesa filimu yokayikitsa, werengani nthambi zimene zingaiyimire. Yokhala ndi osewera, olemba ndi otsogolera kumbuyo kwake ndi yolimba. Yokhala ndi ojambula, a phokoso ndi a zamatsenga a kompyuta nayonso ingalowe, monga Dune. Yokhala ndi wosewera mmodzi yekha wotchuka ndi imene imagwa. Mndandanda wa bungwe la American Film Institute (AFI) umathandiza, koma kumbukirani kuti umatchula mafilimu a ku America okha.

Wotsogolera: gawo ili lili ndi chizolowezi chooneka bwino kuposa onse. Tengani asanu a DGA, chotsani mmodzi, ikani wotsogolera wa kunja kwa America amene filimu yake inamveka ku Cannes kapena Venice. Mu 2019 analowa Paweł Pawlikowski, Bradley Cooper n'kutsala. Mu 2021 Thomas Vinterberg m'malo mwa Aaron Sorkin. Mu 2022 Ryusuke Hamaguchi m'malo mwa Denis Villeneuve. Mu 2023 Ruben Östlund m'malo mwa Joseph Kosinski. Mu 2024 anachoka awiri, Greta Gerwig ndi Alexander Payne, n'kulowa Justine Triet ndi Jonathan Glazer. Mu 2025 Coralie Fargeat anatenga malo a Edward Berger. Chifukwa chake n'chodziwika: DGA ili ndi mamembala masauzande ambiri, kuphatikizapo a pa TV ndi othandizira otsogolera, pamene nthambi ya Academy ndi yaing'ono ndipo yadzaza ndi a mayiko ena. Woyenera kuchotsedwa nthawi zambiri ndi wosewera amene wayamba kutsogolera, kapena amene filimu yake ndi yokoma koma dzanja lake silioneka. Ben Affleck anatenga mphoto ya DGA ndi Argo mu 2013 koma sanatchulidwe n'komwe pa gawo la wotsogolera ku Oscar. Kusiya asanu a DGA osawakhudza kumaoneka ngati nzeru, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Osewera: pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa gawo. Kampani imapempha kuti wakutiwakuti aikidwe ngati wosewera wamkulu, amene ku vidiyo sho za ku Chinamwali timati sitelingi, kapena ngati wothandizira, koma ovota ali ndi ufulu womuika kumene akufuna. Kate Winslet anamukankhira kwa othandizira ndi The Reader, mu 2009 analowa kwa aakulu. LaKeith Stanfield anamukankhira kwa aakulu, mu 2021 anapezeka kwa othandizira. Ngati pali mkangano wa gawo, mavoti amagawikana ndipo munthu angasowe konsekonse. Kwa zaka zambiri panalinso lamulo lakuti wosewera mmodzi sangatenge mipando iwiri m'gawo limodzi, ndiye amene anali ndi mafilimu awiri amphamvu ankadzidula yekha.

Msampha wachiwiri ndi wa kukokana. Filimu imene ovota aikonda kwambiri imakoka osewera ake othandizira ngakhale sanatchulidwe kwina kulikonse, chifukwa ndi filimu imene aliyense anaionera mpaka kumapeto. Marina de Tavira analowa choncho ndi Roma mu 2019. Mu 2022 Judi Dench analowa ndi Belfast pamene olosera ankayembekezera mnzake wa m'filimu yomweyo, Caitríona Balfe. Pa mpando wachisanu wa othandizira, mukakayika pakati pa dzina lalikulu la m'filimu yofooka ndi dzina laling'ono la m'filimu yamphamvu, tengani lachiwirilo.

Zolemba: WGA imangolola mafilimu olembedwa motsatira mapangano ake, choncho ambiri a ku Britain, a mayiko ena ndi makatuni sapezekapo. Kusowa pamenepo si kufooka. Fufuzani kaye ngati filimuyo inali yololedwa. Komanso Academy imadzisankhira yokha ngati zolemba ndi zatsopano kapena zochokera ku ntchito ina. Moonlight ndi Barbie ku WGA zinali zatsopano, ku Oscar zinaikidwa kwa zochokera ku ntchito ina. Dikirani chigamulo chimenechi musanadzaze tsamba. Nthambi ya olemba imakondanso kupereka mpando umodzi kwa filimu yaing'ono kapena ya chinenero china imene yalephera kwina.

Mindandanda ya Disembala ndi magawo ang'onoang'ono

Pakati pa Disembala, Khirisimasi isanafike, Academy imatulutsa mindandanda yochepetsedwa ya magawo ena: mafilimu 15 a mayiko ena, 15 a nkhani zenizeni, nyimbo 15, ndi 10 pa magawo monga phokoso ndi zodzola. Izi ndi mavoti oyamba enieni a mamembala a Academy, ndiye n'zamtengo wapatali ngakhale simukulosera magawo amenewo. Filimu ya kunja ikapezeka pa mindandanda inayi kapena isanu, dziwani kuti nthambi zambiri zaionera. All Quiet on the Western Front inachita zimenezi mu Disembala 2022, ndipo mu Januwale inatenga mipando isanu ndi inayi.

Pa gawo la mayiko ena, dziko lililonse limatumiza filimu imodzi yokha, yosankhidwa ndi komiti ya kwawo, ndipo zoyankhula zoposa theka ziyenera kukhala zosakhala za Chingerezi. Lionheart ya ku Nigeria inachotsedwa mu 2019 pa chifukwa chimenechi. Malawi anatumiza koyamba mu 2018, The Road to Sunrise ya Shemu Joyah. The Boy Who Harnessed the Wind, ya nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, inatumizidwa ndi dziko la Britain mu 2019. Zonsezi sizinafike pa mndandanda wochepetsedwa, ndipo wolosera ayenera kuvomereza kuti pa mayiko oposa 80 amene amatumiza, amene amapitirira ndi amene ali ndi dzina la chikondwerero chachikulu ndi kampani ya ku America. Timbuktu ya Mauritania mu 2015 ndi The Man Who Sold His Skin ya Tunisia mu 2021 zinadutsa njira imeneyo. Musalembe filimu musanatsimikize kuti ili pa mndandanda wa zololedwa pa gawoli: France mu 2023 inasiya Anatomy of a Fall n'kutumiza The Taste of Things, India mu 2022 inasiya RRR. Amene amasankha asanu otsiriza amayenera kuonera onse 15, n'chifukwa chake filimu yaing'ono yogwira mtima imatha kudutsa zikuluzikulu, ngati Lunana ya ku Bhutan mu 2022.

Nthambi ya mafilimu a nkhani zenizeni imakonda kusiya filimu yotchuka koposa, makamaka yonena za munthu wotchuka wa ku America. Mu 2024 asanu onse anali a nkhani za kunja, kuphatikizapo ya Bobi Wine wa ku Uganda. Pa nyimbo, Diane Warren analowa chaka chilichonse kuyambira 2018 mpaka 2025. Dzina lake likakhala pa 15, musalichotse ngakhale filimuyo simunaimvepo. Filimu imodzi singalowetse nyimbo zoposa ziwiri.

Sabata yotsiriza

Ambiri mwa mafilimuwa timafika Januwale tisanawaonere kuno, kupatula a pa Netflix kwa amene ali nayo. Zimenezi zisakufooketseni. Amene mwaonera ndi amene angakusokeretseni, chifukwa mtima umayamba kuvota. Dulani tsamba lina lakumapeto kwa kope, mulembepo amene inu mukanasankha, kuti asamalowerere pa tsamba la kulosera. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Malo ngati Gold Derby amasonkhanitsa kulosera kwa akatswiri ndi anthu wamba, ndipo Variety, The Hollywood Reporter, Deadline ndi IndieWire ali ndi olemba amene amachita zimenezi chaka chonse. Werengani zolemba, siyani mavidiyo amene amadya bandulo popanda kuwonjezera kanthu. Koma malizani mndandanda wanu kaye musanaone wawo. Akatswiriwa amaonerana, ndiye khumi akagwirizana nthawi zina ndi maganizo a munthu mmodzi obwerezedwa kakhumi. Zokambirana ndi "wovota wosatchulidwa dzina" ndi voti imodzi pa masauzande. Zimasangalatsa kuwerenga, basi.

Onani tsiku limene kuvota kumatseka. Kumakhala kwa masiku ochepa, pafupifupi sabata imodzi maina asanalengezedwe. Chilichonse chochitika kuvota kutatha sichisintha voti. Mu 2024 kuvota kunatseka pa 16 Januwale ndipo BAFTA inalengeza maina ake pa 18. Mainawo sanakope wovota aliyense, anangoulula zimene anthu ofanana nawo ankaganiza sabata yomweyo. Mkangano wobuka pa intaneti kuvota kutatseka musausinthire dzina.

Pa gawo lililonse lolani kusiyana ndi gulu pa dzina limodzi lokha, ndipo mulembe chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Kusiyana pa maina atatu n'kutchova njuga.

Ngati mukupikisana pa gulu la WhatsApp, kaya ndi anzanu a ku Matawale kapena a m'kalasi, gwirizanani izi: mindandanda itumizidwe kwa munthu mmodzi yekha pofika 12 koloko masana a tsikulo, iye aitulutse yonse pamodzi, kuti pasakhale wokopera. Dzina lolondola pointi imodzi. Aliyense aloledwe dzina limodzi lapadera pa gawo, lopatsa theka la pointi likalowa. Dzina lolondola m'gawo lolakwika silipatsa kanthu. Pa mipando 45, wopeza 35 wachita bwino, wopitirira 40 chaka chamuyendera.

Madzulo omwewo, zinthu zikadali m'mutu, tengani cholembera chofiira. Pa dzina lililonse limene mwaphonya lembani amene walowa m'malo mwake, kampani yake, ndi chizindikiro chimene chinalipo koma munachidumpha. Kenako tsegulani tsamba latsopano, chifukwa chikondwerero cha Sundance chimachitika kumapeto kwa Januwale komweko, ndipo Minari, CODA ndi Past Lives zonse zinayambira kumeneko chaka chathunthu maina awo asanatchulidwe.